Nasreddine Dinet, mzungu wa burashi amene anakagona ku Bou Saâda

 Ya lero ndi yaitaliko, ndiye ngati muli pa changu isungeni, mudzawerenge mukaswali Isha.

Usiku uja tinkadikira kumva ngati mwezi wa Ramadhan waoneka, wina anaponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp la ku yunivesite. Sichinali cha kamera ayi, chinali chojambula ndi utoto. Anthu ovala mikanjo ndi nduwira ataima pamodzi madzulo, maso onse kumwamba, kufunafuna kamwezi kaja kopyapyala ngati chikhadabo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali chifukwa nkhope zimenezo ndimazidziwa. Ndi nkhope za agogo anga aamuna, amene ankatuluka panja pa mzikiti ikangotha Maghrib n'kuyamba kutsinzinira kumadzulo, ife ana tikunamizira kuti tauona. Ndinaganiza kuti wojambulayo anakulira m'zimenezi. Nditafufuza dzina lomwe linali pakona, ndinapeza kuti anali Mfalansa wobadwira ku Paris, mwana wa loya, wophunzitsidwa kujambula oyera mtima a m'tchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za iye, ndipo nkhani yake sinandipatse mtendere umene ndinkayembekezera.

Ndinene kaye za nkhani ya zithunzi, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kukonzekera kundiyankha. Ine ndinakulira ku madrasa, ndipo ndimakumbukira tsiku lomwe ustazi anandigwira ndikujambula nkhope ya mnzanga kumapeto kwa kope la tajwid. Khutu langa silinaiwale. Ndikudziwa kuti maulama ambiri amaletsa kujambula zamoyo, ndikudziwanso kuti ku Herat, ku Istanbul ndi ku India mafumu a Chisilamu ankasunga akatswiri ojambula anthu m'mabuku. Sindine shehe ndipo sindikupereka fatwa. Ndikungofotokoza moyo wa munthu mmodzi ndi mmene ntchito ya manja ake inasinthira.

Alphonse-Étienne Dinet anabadwa pa 28 March 1861 m'banja lopeza bwino. Anaphunzira pa sukulu yotchuka ya Lycée Henri-IV, ndipo mu 1881 analowa École des Beaux-Arts, sukulu yaikulu ya zaluso ku Paris. Anaphunziranso ku Académie Julian, komwe mmodzi mwa aphunzitsi ake anali William Bouguereau. Mukaona zithunzi za Bouguereau mumvetsa mtundu wa maphunziro amenewa: khungu losalala ngati mbale yadothi yaku sitolo, palibe thukuta, palibe fumbi, palibe chipsera. Wophunzira ankakhala m'chipinda chomwe kuwala kumalowera mbali imodzi, n'kumajambula thupi la munthu kambirimbiri mpaka dzanja lizolowere fupa lililonse ndi mnofu uliwonse. Luso limeneli Dinet analitenga ndipo silinamuchoke mpaka imfa. Anayamba kuonetsa ntchito zake pa chionetsero chachikulu cha Salon mu 1882, ndipo mu 1884 anapata mendulo ndi chithunzi cha Saint Julien l'Hospitalier, woyera mtima wa Chikhristu. Akanapitiriza njira imeneyi bwenzi lero ali mmodzi mwa mazana a ojambula abwino a nthawi imeneyo omwe palibe amawakumbuka.

Chaka chomwecho cha 1884 anapita ku Algeria koyamba, ndipo chomwe chinamupititsa chimandiseketsa. Anangoperekeza gulu la akatswiri ofufuza tizilombo touluka ndi tokwawa. Anzake ankayang'ana pansi, iye ankayang'ana china chilichonse. Ulendowu unawafikitsa dera la Bou Saâda, katawuni ka migwalangwa ya tende m'mphepete mwa chipululu, makilomita pafupifupi 250 kumwera kwa Algiers. Dzina lakelo limatanthauza malo a chimwemwe. Chaka chotsatira anabwereranso ndi ndalama za mphoto yomwe anapata, n'kufika ku Laghouat ndi ku Mzab.

Chomwe chinamukola poyamba sanali anthu, sichinalinso chipembedzo. Kunali kuwala. Munthu wophunzira kujambula pansi pa mitambo ya ku Paris amadziwa kuti mthunzi ndi wakuda kapena wotuwa. Ku Sahara dzuwa limamenya khoma ladothi, khomalo n'kubwezera kuwala pa khoma linzake, moti mthunzi umakhala ndi mtundu wakewake, pena wobiriwira ngati thambo, pena wofiirira. Masana mitundu imafufuma chifukwa cha kuwala kochuluka, madzulo imabwerera yonse mwakamodzi. Zomwe anaphunzira kusukulu sizinkakwanira pamenepa, anayenera kuyambiranso kuona. Chithunzi chake cha 1885 chotchedwa Les Terrasses de Laghouat, cha madenga athyathyathya a tawuniyo, ndi umboni wa nkhondo imeneyi. Chomwe chikulamulira m'chithunzicho ndi dzuwa. Anthu alimo, koma ali ngati mbali ya malowo, chimodzimodzi khoma kapena nsalu.

Pali china chomwe chithunzicho sichinena. Laghouat imeneyi asilikali a France anaigonjetsa mu December 1852 ndi kupha anthu ochuluka zedi a m'tawuniyo. Pamene Dinet ankakhala pa denga ndi burashi yake panali patangopita zaka 33, ndipo ena mwa opulumuka anali adakali moyo m'nyumba zomwe ankajambulazo. France inali italanda Algeria kuyambira 1830, ndipo mu 1881 inakhazikitsa malamulo apadera olangira eni nthaka pa zinthu zomwe mzungu sakanalangidwa nazo. Mnyamata wa zaka 24 uyu ankayenda momasuka m'chipululu chifukwa mfuti za dziko lake zinali zitamulambulira njira. Sindikunena kuti iye ndi amene anawombera, koma sitingaiwale kuti anafika bwanji.

Nthawi imeneyo ku Ulaya kunali msika waukulu wa zithunzi za maiko a Asilamu. Ambiri ojambula ankagulitsa maloto: akazi ogona m'nyumba za mafumu, misika ya akapolo, amuna a malupanga. Ingres, amene anajambula chithunzi chotchuka cha akazi akusamba m'bafa la ku Turkey, sanapondeko ku Turkey ngakhale tsiku limodzi. Ena ankapita milungu ingapo, kugula makapeti ndi mikanjo, n'kukaveka anthu a ku Paris m'chipinda chojambulira. Dinet anali m'gulu lomweli, ndipo mu 1893 anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la ojambula a ku France okonda za Kum'mawa. Anali atapata kale mendulo yasiliva pa chionetsero cha dziko lonse cha ku Paris mu 1889, ndipo mu 1896 boma linamupatsa ulemu wa Légion d'honneur. Kunena zoona, zinthu zinkamuyendera.

Koma anachita chinthu chimodzi chomwe anzake ambiri sanachite. Anaphunzira Chiarabu, cha m'mabuku ndi cha pamsika chomwe. Kwa ine apa ndi pamene moyo wake unakhotera, shahada isanafike n'komwe. Munthu amene sumva chilankhulo chake umangomuona mtundu wa mkanjo ndi kaimidwe. Ukayamba kumva zomwe akunena, umazindikira kuti gogo uja wakhala pakhomo sali chabe nkhalamba yokongola kujambula, akudandaula za mwana wake amene anamutenga usilikali. Umamva nthabwala, umamva miseche, umamva dua. Ndipo zimenezi zinayamba kuoneka pa nsalu zake. Anthu aja anali aang'ono patali anayamba kusendera pafupi, mpaka nkhope zinadzaza chithunzi chonse. Anajambula ana akusewera ndi kukangana, atsikana akuseka mpaka mano onse panja, wakhungu akutsogoleredwa, mlembi wa makalata a anthu osadziwa kulemba, mkazi wosiyidwa ukwati ali ndi ana ake, amayi ali kumanda. Ojambula anzake ankakonda Mwarabu wa nkhope youma yosasonyeza kanthu. Anthu a Dinet amakwiya, amachita nsanje, amanyada, amalira. Ena amati amapitirira muyeso, kuti kuseka kwake kumachuluka ngati kwa pa kalendala, ndipo pa zithunzi zina ndimagwirizana nawo. Komabe ndi anthu, si zidole.

Wachiwiri amene anasintha ntchito yake ndi Sliman ben Ibrahim, Msilamu wochokera ku Mzab, amene anakumana naye cha m'ma 1889. Anayamba ngati womuperekeza pa maulendo, koma anakhala bwenzi lake kwa zaka makumi anayi. Sliman ndi amene ankamutsegulira makomo omwe mzungu sakanalowa, kumupezera anthu oti awajambule, kumufotokozera nthano za m'chipululu ndi tanthauzo la zomwe ankaona. Analemba limodzi mabuku angapo, monga Le Printemps des cœurs la 1902, Mirages la 1906 ndi Khadra la 1910, ndipo dzina la Sliman linkalembedwa pachikuto pambali pa la Dinet. Mu nthawi ya atsamunda zimenezi sizinali wamba. Womasulira kapena woperekeza wachikuda nthawi zambiri ankangosowa m'buku ngati sanakhaleko.

Mu 1898 Dinet anakongoletsa ndi zithunzi buku la nkhani ya Antar, ngwazi ndi mlakatuli wa Aarabu wa nthawi ya Jahiliyya, uja mayi ake anali kapolo wochokera ku Ethiopia. Cha m'ma 1900 anajambula chithunzi chomwe chimadziwika kwambiri mwa zonse, cha mnyamata ndi mtsikana okondana, Abd-el-Gheram ndi Nouriel-Aïn, maina otanthauza kapolo wa chikondi ndi kuwala kwa maso. Lero chili ku Musée d'Orsay ku Paris. Pofika apa mitundu yake inali itakhazikika, munthu umatha kumuzindikira patali: kufiirira kwa maluwa, kubiriwira kwa thambo la madzulo, siliva wa zibangili akung'anima pa khungu loderapo.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali ka munthu wosakhulupirira changu. Cha m'ma 1904 anapeza nyumba ku Bou Saâda ndipo anayamba kukhala kumeneko gawo lalikulu la chaka, ku Paris n'kumangopita kukaonetsa ndi kugulitsa. Ankajambula kaye ndi pensulo ndi makala, mutu pawokha, dzanja palokha, mapindidwe a nsalu paokha. Ankagwiritsanso ntchito kamera, chifukwa mwana amene akuseka kapena munthu amene akuthamanga sangakuimire ola lathunthu. Kenako zidutswa zonsezi ankazisonkhanitsa pa nsalu yaikulu. Zithunzi zooneka ngati anangozigwira mwangozi zinali zomangidwa pang'onopang'ono ngati nyumba. Ankadanso nkhawa ndi moyo wa utoto wenicheniwo, moti analemba buku lonse, Les Fléaux de la peinture, lofotokoza mmene vanishi woipa, utoto wosakhalitsa ndi okonza zithunzi osadziwa ntchito amawonongera zithunzi zakale. Ndimaona kuti izi zikugwirizana ndi mantha ake ena. Ankaona moyo wa m'chipululu ukusintha chifukwa cha misewu, asilikali ndi alendo odzaona malo, ndipo ankafuna kuusunga usanafufute. Vuto la mtima woterewu ndi lakuti umasankha zomwe ukufuna kusunga. M'zithunzi zake zodziwika simupezamo msilikali wa France, wokhometsa msonkho kapena mlimi wolandidwa munda, ngakhale zonsezi zinali pakhomo pake.

Tsopano mbali yovuta, yomwe ma post ambiri a Chisilamu onena za iye amaidumpha. Mukalemba dzina lake pa intaneti, chenjerani. Pakati pa zithunzi za anthu akuswali mupezanso za akazi osavala, ambiri a iwo atsikana aang'ono ndithu, akusamba kumtsinje kapena akuvina. Bou Saâda inkadziwika ndi ovina a fuko la Ouled Naïl, ndipo pansi pa ulamuliro wa atsamunda mwambo wawo unasandutsidwa malonda a asilikali ndi alendo. Dinet anajambula zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ndi zomwe zinkagulidwa kwambiri ku Paris. Nditaziona koyamba ndinatseka foni. Ndinamva ngati munthu amene wauzidwa za kale la shehe yemwe amamulemekeza. Atsikana amenewo anali ana a anthu, osauka, okhala m'dziko lolandidwa, ndipo amene ankawajambula anali mzungu wa ndalama ndi mendulo. Kudziwa kwake Chiarabu sikufafaniza zimenezo. Mwina kumangowonjezera, chifukwa iye sakananena kuti sankadziwa mmene anthu a kumeneko ankaonera nkhani ya umaliseche. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti atangolowa Chisilamu burashi yake inasintha tsiku lomwelo, koma moyo wake sunagawike mwaukhondo chotero. Kusinthako kunachitika, koma pang'onopang'ono, zakale zikumukoka.

Chisilamu chinamulowa mwa njira yomweyo. Mu 1908 anauza mnzake m'kalata kuti ndi Msilamu, apa n'kuti patapita zaka 24 chifikireni ku Algeria. Mu 1913 anazilengeza poyera n'kutenga dzina lakuti Nasreddine. Mu 1927 anabwerezanso shahada pamaso pa anthu mu mzikiti wa Djamaa el Djedid ku Algiers. Taganizani, munthu kulengeza katatu chinthu chimodzi. Ine ndimaona kuti ankadziwa kuti mbali zonse ziwiri zinkamukayikira. Kwa Afalansa ambiri a ku Algeria, mzungu wolowa chipembedzo cha anthu olamulidwa anali wopenga kapena wogulitsa mtundu. Kwa Asilamu ena, anali mzungu wa zithunzi zija. Abale athu amene analowa Chisilamu ali akuluakulu akudziwa ululu umenewu kuposa ine, woti kwanu akuti wasochera, kumzikiti akukuyang'anabe ngati mlendo.

Chomwe chimandigwira mtima ndi mmene ankajambulira swala. Ojambula ena a ku Ulaya anajambulapo Asilamu akuswali, ndipo ife tikaona zithunzi zina timangoseka: wina waima, wina wagwada, wina wakweza manja mwa njira yomwe palibe madhhab amaidziwa, onse pa mzere umodzi, chifukwa wojambulayo ankafuna chithunzi chokoma m'maso. Kwa Dinet qiyam ndi qiyam, ruku ndi ruku, kakhalidwe ka tashahhud ndi komwe tinaphunzira ku madrasa. Mapazi ali pomwe amayenera kukhala. Ndipo nkhope za oswaliwo sizikuyang'ana wojambula, sizikudziwa n'komwe kuti alipo. Anajambula anthu akuswali pa mchenga m'bandakucha, pa madenga madzulo, ana ali ndi matabwa awo a Qur'an, ndi aja ofunafuna mwezi. Kuwala kuja anakuthamangira ali mnyamata kudakalipo, koma tsopano kukugwira ntchito ina, kukukuuza nthawi ya swala. Ukaona mtundu wa thambo umadziwa kuti iyi ndi Fajr, iyi ndi Maghrib. Munthu amene sanadzukepo kukaswali mumdima sangadziwe kusiyana kumeneko bwino chotero.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, France inatenga Asilamu a ku Algeria oposa 170,000 kukamenya nkhondo, ndipo pafupifupi 25,000 sanabwerere. Dinet anagwiritsa ntchito dzina lake ku Paris kukakamiza akuluakulu kuti asilikali amenewa azilemekezedwa monga Asilamu, ovulala asamalidwe moyenera, ndipo omwalira aikidwe mwa Chisilamu, ndi mwala wa pamanda woyenera m'malo mwa mtanda. Analinso mmodzi mwa olimbikitsa kuti ku Paris kumangidwe mzikiti waukulu, womwe unatsegulidwa mu 1926. Sanali womenyera ufulu wodzilamulira wa Algeria, tisamuveke chovala chomwe sanavale. Ankakhulupirira kuti France ingathe kuchita chilungamo kwa Asilamu ake, ndipo ankakhumudwa mobwerezabwereza kuti sikutero.

Mu 1918 iye ndi Sliman anatulutsa ntchito yomwe ine ndimaiona ngati nsonga ya moyo wake, La Vie de Mohammed, Prophète d'Allah, sira ya Mtumiki (SAW) mu Chifalansa, yoperekedwa pokumbukira asilikali a Chisilamu omwe anafera France. Anaitsamiritsa pa mabuku akale a Asilamu eni ake, osati pa zolemba za akatswiri a ku Ulaya omwe ankalemba za Mtumiki (SAW) monyoza. Koma tayesani kuganiza vuto lomwe wojambula anali nalo. Moyo wake wonse mphamvu yake inali nkhope ya munthu. Ku sukulu anamuphunzitsa kuti nkhani yopatulika imajambulidwa poika mwini nkhaniyo pakati, kuwala kuli pamutu pake. Mendulo yake ya 1884 inachokera pa chithunzi cha mtundu umenewo. Tsopano akulemba za munthu amene amamukonda kuposa onse, ndipo sangamujambule.

Sanamujambule. M'zithunzi 35 za m'bukulo mulibe nkhope ya Mtumiki (SAW). M'malo mwake anajambula Asilamu a nthawi yake akuchita zomwe Mtumiki (SAW) anaphunzitsa: kuitana azana, kuswali, kuyang'ana mwezi, kuyenda m'chipululu. Chithunzi cha okhulupirira akuona mwezi wa Ramadhan chili m'buku limeneli. Yankho lake linali lakuti ngati ukufuna kuona munthuyo, yang'ana zomwe anasiya m'matupi a anthu patapita zaka pafupifupi 1,300, mmene amaimira, mmene amagwadira, mmene amasambira m'manja. Sindikudziwa ngati pali dars ya sunnah yomwe inandifikapo pamtima kuposa imeneyi, ndipo yachokera kwa munthu wa burashi. Masamba okongoletsedwa ndi zilembo za Chiarabu anawapereka kwa mnyamata wa ku Algiers wa zaka za m'ma 20, Mohammed Racim, amene pambuyo pake anakhala katswiri wamkulu wa zithunzi zing'onozing'ono za m'mabuku ku Algeria. Bukuli linamasuliridwa m'Chiarabu ndi Abdel-Halim Mahmoud, yemwe anadzakhala Sheikh wa Al-Azhar. Mu 1922 awiriwa anatulutsanso kabuku kotchedwa L'Orient vu de l'Occident, kotsutsa akatswiri a ku Ulaya monga Henri Lammens pa momwe ankapotozera mbiri ya Chisilamu. Munthu amene anathandiza kuyambitsa bungwe la ojambula za Kum'mawa anali tsopano akukangana ndi akatswiri a za Kum'mawa.

Pa zaluso zokha, nthawi inali itamupitirira. Pamene iye ankasalaza nkhope za ana a ku Bou Saâda, ku Paris Matisse ndi Picasso anali atagwetsa kale malamulo onse omwe iye anaphunzira. Dinet sanawatsatire. Ena amati anauma, ndipo n'zoona kuti zithunzi zina za kumapeto zimabwereza zomwe anachita kale. Koma ndikuganiza kuti anali atasintha anthu omwe ankafuna kuti amumvetse. Mbusa wa nkhosa wa ku Bou Saâda akanaona chithunzi cha Picasso sakanapezamo kanthu. Akaona cha Dinet ankatha kutchula dzina la munthu amene ali pamenepo.

Manda ake anawamangiratu ali moyo, kanyumba koyera ka denga lozungulira ku Bou Saâda. Mu April 1929, ali ndi zaka 68, ananyamuka ndi Sliman kupita ku Hajj. Hajj ya nthawi imeneyo sinali ya ndege ndi mahotela. Inali ya sitima yapamadzi, kutentha, matenda ndi misewu yovuta, ndipo kwa nkhalamba unali ulendo woika moyo pachiswe. Anafika ku Makka ndi ku Madina, n'kubwerera ali El Hadj Nasreddine, koma thupi litatopa. Anakhala pansi kulemba buku la ulendowo, Le Pèlerinage à la maison sacrée d'Allah. Sanalione litasindikizidwa. Anamwalira ku Paris pa 24 December 1929, ndipo bukulo linatuluka mu 1930.

Mwambo wa maliro unachitikira mu mzikiti waukulu wa ku Paris uja anaulimbikitsa. Kenako thupi linawoloka nyanja, ndipo pa 12 January 1930 anaikidwa ku Bou Saâda, anthu zikwizikwi ataperekeza. Chaka chimenecho France inali pa chikondwerero chokumbukira zaka 100 chilandireni Algeria. Mchemwali wake Jeanne analemba mbiri ya moyo wake. Sliman anakhala mpaka 1953, ndipo anaikidwa pambali pa bwenzi lake.

Ku France dzina lake linazilala msanga. Chodabwitsa n'chakuti Algeria italandira ufulu mu 1962, patatha nkhondo yoopsa yothamangitsa Afalansa, dziko latsopanolo linatenga Mfalansa ameneyu ngati wake. Zithunzi zake zinayamba kuoneka pa masitampa, pa makalendala, m'maofesi ndi m'nyumba za anthu wamba, makamaka zija za swala, za ana ndi za agogo. Zinazo anangozikankhira kumbali. Katswiri wina wa ku France, François Pouillon, analemba buku mu 1997 lonena kuti Dinet anakhala ndi miyoyo iwiri, wina ali moyo pansi pa atsamunda, wina atamwalira mu Algeria yodzilamulira. Ku Bou Saâda, pamalo pomwe panali nyumba yake, anatsegula nyumba yosungiramo ntchito zake mu 1993. Mu 1995, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, anthu a zida anaitentha. Anaikonzanso, ndipo ikugwira ntchito. Mu 2024 Institut du monde arabe ku Paris inachita chionetsero cha zithunzi zake, ndipo mkangano uja unadzukanso, wakuti kodi anali mboni yachikondi ya anthu a ku Algeria kapena mtsamunda wa maso ofatsa.

Ine ndayesa kumuika mbali imodzi ndipo akukana kukhalamo. Ndikafuna kumunyadira monga mzungu wotchuka amene analowa Chisilamu, atsikana a kumtsinje aja amandiyang'ana. Ndikafuna kumutaya, ndimakumbukira nkhalamba ya zaka 68 ili mu ihram pa dzuwa la ku Arafat, ndi masamba 35 aja omwe katswiri wa nkhope anadziletsa kujambula nkhope imodzi yomwe akanaifunitsitsa. Hisabu yake ili kwa Allah, amene akudziwa zomwe analapa ndi zomwe sanathe kusiya. Ndinamuchitira dua, ndinawachitiranso atsikana aja, omwe ambiri maina awo enieni sitikuwadziwa.

Chithunzi cha ofunafuna mwezi chija ndinawaonetsa agogo anga nditapita kumudzi pa Eid. Sindinawauze kuti anajambula ndani. Anaitenga foni, kuitalikitsa ndi maso monga amachitira, n'kuyang'anitsitsa. Kenako anandifunsa ngati anthuwo anauonadi mwezi tsiku limenelo, kapena anangomva kwa anzawo.